Banja la aNgozo Lizulu: za TV ya agogo

Lachiwiri

18:42 Malume Yohane: Madzulo abwino nonse. Paja tinagwirizana kuti TV ya ababa ndi amayi igulidwe mwezi uno usanathe. Tiyamike, thumba lili bwanji?

18:47 Tiyamike: Zikomo amalume. Pa Airtel Money palowa K510,000, pa Mpamba K250,000. Zonse pamodzi K760,000. Atsala anthu awiri, mayina sinditchula, akudzidziwa okha.

18:49 Chiko Joni: Ine musandiyang'ane achemwali, yanga inadutsa pa Mukuru kalekale kkkk. Koma abale ndimvereni. Kuno kuli seli, atsitsa mitengo, ndaona ya mainchesi 55, 4K, smart, YouTube momwemo. Mungonditumizira ndalamazo ndigule, ndipatsira anyamata a mathiraki.

18:50 Mphatso: Eee achimwene imeneyo!! 🔥🔥

18:51 aNangozo: Iwe Mphatso mbale watsuka?

18:58 Mada Dedza: Asuweni, 55 yanuyo mukaikhazika pati? Nyumba ya agogo mwaiiwala? Pabalaza paja munthu ukakhala pa sofa miyendo imatsala pang'ono kugunda kabati.

18:59 Chiko Joni: Nsanje basi. Munthu wokhoma madishi angadziwe chiyani za 4K?

19:06 Mada Dedza: Ndiye amene ndimadziwa, chifukwa ndine amene amandiimbira zikavuta. Ababa, ndiloleni ndifotokoze kamodzi kuti tisamangozungulira. Pa katoni pamalembedwa zinthu zitatu. HD Ready ndi chithunzi cha mizere 720, zambiri mwa izo ndi 1366 x 768. Full HD ndi 1920 x 1080. 4K ndi 3840 x 2160. Manambala akamakwera tidontho topanga chithunzi timachuluka, nkhope zimaoneka bwino. Koma TV simadzipangira yokha chithunzi, imangoonetsa chomwe yalandira. Agogo amaonera MBC, Zodiak, Times, Mibawa. Palibe mwa zimenezi yomwe idzawafikire mu 4K. Ndiye TV ya asuweniyo idzatenga chithunzi chaching'ono n'kuchikoka kuti chidzaze mainchesi 55, mapeto ake owerenga nkhani adzaoneka ngati awapaka phala kumaso. TV ikakula, kuipa kwa chithunzi kumakulanso.

19:08 Malume Yohane: Pitiriza mwana wanga, tikumva.

19:13 Mada Dedza: Za smart zija zimafuna intaneti. Kanema wa HD amatha kudya mpaka 3GB pa ola limodzi, wa 4K mpaka 7GB. Bandulo imeneyo azigula ndani? Komanso netiweki ya pakhomo paja mukuidziwa, kuti muimbe foni bwinobwino mumatulukira panja.

19:14 Tiyamike: Bandulo isadzabwerenso kwa ine chonde. Mayunitsi a magetsi ndikulipira kale.

19:20 Malume Yohane: Ndipo zogula ku Joni ine ndakana. Chikondi, chinthu chagalasi chidutse Zimbabwe, chidutse Tete, chidzafike pa chipata cha Dedza tilipire msonkho ku MRA, ndiye kutchipako kuli pati? Chikafika chosweka tikadandaula kwa ndani? Chikawonongeka pakatha miyezi itatu waranti yake tikaitsatira ku Johannesburg?

19:22 Mada Dedza: Pulagi yakenso ndi ya mano ozungulira, masoketi athu ndi a mano a makona. Nkhani yaing'ono, koma anthu amangolowetsa mokakamiza mpaka soketi kupsa.

19:25 Chiko Joni: Chabwino amalume, ndamva. Ndimangofuna madala aonere mpira wa Flames ngati ali mu Bingu Stadium momwemo.

19:31 aNangozo: Ine za manambalazo sindikuzimva. Changa n'chimodzi. Amayi maso akuvuta, timalemba toyenda pansi pa nkhani tija sawerenga, amangofunsa Mphatso kuti alemba chiyani. Ababa makutu. Yakaleyi amaikweza mpaka kunyumba kwanga ndimamva. Ndiye musagule kanthu kakang'ono chifukwa Mada wanena.

19:33 Mada Dedza: Azakhali sindinanene kakang'ono. Ine ndimaganiza ya 32, HD Ready. Pa mamita atatu, pa 32, diso silisiyanitsa 720 ndi 1080. Ndalama yotsala tigulire zina zofunika.

19:36 Tiyamike: Diso lako Mada, osati la agogo. 32 ndi yomwe ndili nayo kuno ku Blantyre, ndikakhala patali zigoli pakona paja ndimachita kutsinzinira. Munthu wa zaka zawo ndiye bwanji?

19:38 Malume Yohane: Apa Tiyamike wanena zoona. Pakati pa 32 ndi 55 palibe china?

19:41 Mada Dedza: Zilipo, 40 ndi 43. Zambiri za saizi imeneyo ndi Full HD. Koma tiyeze kaye malo. Mainchesi aja amayeza mopingasa, kuchoka pa kona ya pansi kufika kona ya pamwamba mbali inayo, si mulifupi. Ya 32 mulifupi ndi pafupifupi masentimita 71, ya 43 pafupifupi 96, ya 55 imapitirira 120. Mphatso, mawa utenge tepi ya azakhali yosokera uyeze kabati pamwamba, uyezenso kuchoka pa kabati kufika pa mpando wa agogo aamuna.

19:42 Mphatso: Chabwino. Koma smart ija tisaisiye chonde 🙏

19:43 aNangozo: Mayeso a Fomu 4 ali pakhomo iwe ukulira smart.

Lachitatu

06:55 Mphatso: Mwadzuka bwanji nonse. Kabati pamwamba ndi 104. Kuchoka pa kabati kufika pa mpando wa agogo ndi mamita awiri ndi theka. Kumanzere kuli zenera, kumanja chitseko cha kuchipinda chimatsegukira komweko.

07:02 Mada Dedza: Basi 55 yafera pomwepo, chitseko chikanaimenya tsiku loyamba. 43 ikwana. Koma pogula tiyang'ane miyendo yake. Zambiri miyendo ili kumapeto kwenikweni, uku ndi uku, ndiye pa 104 patsala malo ochepa kwambiri. Mwana akangokoka nsalu ya pakabati ija, yagwa.

07:05 Chiko Joni: Ikhomeni pakhoma, ndi mmene anthu akuchitira masiku ano.

07:11 Malume Yohane: Khoma limenelo ndinamanga nawo ine. Njerwa n'zootcha koma tinamangira dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Sindingalikhulupirire.

07:15 Mada Dedza: Zimatheka ababa, bola bawuti ilowe m'njerwa osati mumzere wa dothi. Koma ine ndikuti ikhale pa kabati, kumbuyo ndiimangirira ndi kawaya ku khoma kuti isagwere kutsogolo. Nsalu ija ndi maluwa apulasitiki azakhali muchotse. Ndi zenera lija, masana dzuwa likamawala pa galasi saona kanthu, pakufunika katani yokhuthala.

07:20 aNangozo: Katani ndisoka ndekha, nsalu ndigula pamsika. Koma maluwa amayi sangalole, anapatsidwa ku chigwirizano.

12:34 Tiyamike: Ndafunsa m'mashopu awiri nthawi ya nkhomaliro. Mitengo ikusiyana kwambiri, ndipo wina wandiuza kuti mtengo wa lero si wa sabata yamawa. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023 zinthu za m'mashopu sizikhazikika. Hisense ndi TCL zikuoneka kuti tingazifikire, Samsung ndi LG za 43 zatipitirira. Palinso zina za mayina achilendo, zotchipa pafupifupi theka.

12:40 Mada Dedza: Zotchipa theka zija samalani nazo. Mwezi watha ndinakakhoma dishi kwa bambo ena ku Bembeke. Katoni yalembedwa 4K, kutsogolo dzina lodziwika, koma dzinalo ndi kapepala komata, ndinakachotsa ndi chikhadabo. Nditalowa mu menu ndinapeza 1366 x 768. Lisiti analibe, wogulitsa anangowalembera nambala ya foni pa katoni.

12:43 Malume Yohane: Ndiye ukapita ndi ine Loweruka. Ukwere minibasi ya m'mawa pa Dedza, tikumane mu Lilongwe. Ine ndingapusitsidwe ndi kuwala kwa mushopu.

12:52 Mada Dedza: Kuwala kwa mushopu ndiye msampha wake. Amaika kanema wawo wa maluwa ndi mbalame wochokera pa flash, TV iliyonse imakongola. Ine ndibwera ndi flash yanga, muli chithunzi choyera chokhachokha, chakuda chokhachokha, ndi kachidutswa ka mpira. Pa choyera ndi chakuda mpamene kadontho kakufa kamaonekera, ndi kuwala kotuluka m'mbali. Pa mpira timaona ngati chithunzi chikukoka mchira osewera akamathamanga. Aitsegule yomwe tikutengayo, osati ya pa shelefu. Nambala ya kumbuyo ifanane ndi ya pa katoni ndi ya pa lisiti. Mabowo a HDMI, olumikizira dikoda, akhale awiri kapena kuposa, USB ikhalepo. Ikapezeka yolembedwa DVB-T2 ndi bwinonso, ndiyo njira yomwe dziko lino limaulutsira kanema wa digito.

12:55 Tiyamike: Lisiti mudzalijambule muponye pano. Loyambalo lisungidwe ndi amayi, osati m'katoni.

13:10 aNangozo: Nanga dikoda yomwe ilipoyi igwira? Ija ya Kiliye Kiliye. Ababa akuti musawachotsere, anaizolowera.

13:18 Mada Dedza: Igwira azakhali. Mphatso, tajambula kumbuyo kwake ndione.

13:24 Mphatso: <chithunzi>

13:27 Mada Dedza: Bowo la HDMI lilipo, lija lopyapyala pafupi ndi la eriyo. Panopa mukugwiritsa mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira, chifukwa TV yakaleyo ilibe kwina. Pa yatsopano timataya amenewo. Wachikasu uja sanyamula HD, ukalumikiza ndi iye ndiye kuti ndalama ya Full HD yapita pachabe. Ndimazipeza m'nyumba zambiri, munthu wagula plasma yodula koma akuonerabe pa waya wachikasu, n'kumati anamubera. Chingwe cha HDMI chimodzi chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe. Chotchipa chomwecho chikwana, musalole kuti akugulitseni chodula ati chagolide.

13:30 Chiko Joni: Nanga mpira wa ku England? Madala amakonda Arsenal paja.

13:33 Malume Yohane: Ababa amakonda Bullets, Arsenal ndi yako. Za dishi tidzakambirana padera, zimenezo n'za mwezi ndi mwezi, ndipo amene wayambitsa ndi amene azilipira.

13:34 Tiyamike: Ndalemba amalume kkkk

13:39 Mada Dedza: N'chifukwa chake ndati HDMI ziwiri. Tsiku lomwe asuweni adzatumize ya DStv kapena Azam, dikoda yachiwiri idzangolowa, osazula kanthu.

20:05 aNangozo: Pepani ndabweranso. Ndakhala ndi amayi madzulo ano. Akuti TV yopyapyala akuiopa, ya aneba inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, sinathe ndi chaka chomwe. Akuti yakaleyi yapirira zaka zonsezi.

20:14 Mada Dedza: Agogo akunena zoona, ndipo pa zonse takambiranazi ichi ndiye chachikulu. Zopyapyalazi bolodi yake ya magetsi sichedwa kupsa. Magetsi athu ndi 230V, koma akathima n'kubwerera nthawi zina amabwera modumpha. Tigule TV guard yeniyeni, ija imadula yokha magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri, ndipo akabwera imadikira kaye pang'ono isanatsegule. Ekisitenshoni wamba si guard, ngakhale ikhale ndi kagetsi kofiira. Koma mphenzi guard siiletsa. Mvula ya ziphaliwali ikayamba kumapiri kuja, zulani pulagi, zulaninso waya wa eriyo. Mphenzi imalowera ku eriyo kudutsa mu dikoda mpaka mu TV kudzera pa HDMI. Mphatso, ntchito imeneyi ndi yako.

20:16 Mphatso: Ndikakhala kusukulu?

20:17 aNangozo: Ndizizula ine, ungondionetsa waya wake.

20:23 Tiyamike: Nanga za makutu a agogo aamuna? Yanga ino mawu ake ndi ochepa, masipika ali pansi, akulozera pa tebulo.

20:29 Mada Dedza: Zonse zopyapyala n'chimodzimodzi, mulibe malo a sipika yaikulu. Kawufa kaja kali kuchipinda kwa Mphatso kabwerere pabalaza. Pogula ndiyang'ana kuti bowo lotulutsira mawu lilipo, zina zatsopano alibe.

20:30 Mphatso: Aaa kawufa kanganso 😭

20:31 Chiko Joni: Ndinagula ine kameneko, ndinagulira agogo. Bweza.

20:44 Malume Yohane: Timange nkhani. 43, Full HD, dzina lodziwika, lisiti ndi waranti. Smart sitikuifuna, koma ikapezeka kuti yabwino pa mtengo wathu ndi smart, titenga, intaneti osalumikiza. Pamwamba pake guard ndi chingwe cha HDMI. Pobwera nayo sitikwera minibasi, pa M1 paja angaiponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a kachewere. Ndipempha galimoto kwa alamu anga, ikhala choimirira pampando wakumbuyo.

20:47 Mada Dedza: Eya ababa, choimirira, m'katoni mwake. Ikagona chafufumimba pa mabampu galasi limang'aluka mkati. Katoni ndi zoyera zotchinjiriza TV zam'kati zija zisatayidwe, pobweza amazifuna.

20:50 Tiyamike: Ndalama ingathe kuperewera pa guard ndi mafuta. Anthu awiri aja, K40,000 aliyense, pofika Lachisanu 12 koloko. Ikakwana 12 ndilemba mayina pano.

20:52 aNangozo: Mmodzi ndi ine mwana wanga, ndagulitsa kabichi lero, Mphatso akuponyera mawa. Achimwene, nanga yakaleyi ipita kuti? Ine ndimati ndiitenge.

20:53 Mada Dedza: Azakhali ine ndimaifuna ya kushopu.

20:58 Malume Yohane: Yakaleyo ndi ya ababa, mukawapemphe okha Loweruka. Mada, 7 koloko ukhale utafika pa depoti, flash yako usaiwale.