Bambo anga ali ndi shuga komanso anachita sitiroko, ine ndatopa, anzanga mumatani?

NaBanda wa ku Bangwe

Moni nonse. Bambo anga ali ndi zaka 68, anawapeza ndi shuga mu 2017, BP inabwera pambuyo pake, nde chaka chatha anagwa kubafa, kuthamanga nawo kuchipatala akuti ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja sizigwira bwino, kulankhula amalankhula koma mokoka. Mayi anatisiya kale, tinabadwa anayi koma amene ndikukhala nawo ndine ndekha, achimwene awiri ali ku Joni, mng'ono wanga ali pabanja ku Mzuzu.

Ndimagulitsa kaunjika ku Limbe koma pano benchi ndinasiyira mnzanga, poti mmawa ndiwasambitse, ndiwabaye insulin, phala, kuchapa zofunda chifukwa usiku pena amadzikodzera, ndikamati ndamaliza dzuwa lili pamutu. Nkhondo yeniyeni ili pa chakudya. Kuchipatala anati nsima ya mgaiwa komanso yochepa, tiyi wopanda shuga, iwo akuti mgaiwa anadya wokwana ali ku sekondale. Dzulo ndikuyala bedi ndapeza mapepala a maswiti pansi pa pilo, kani amatuma mwana wanga kuokala. Ndinawakalipira anthuni, mawu ake sindingalembe pano, iwo anangotembenukira kukhoma misozi ikutsika. Sindinagone.

Kwinaku azakhali abweretsa mabotolo a mankhwala azitsamba akuti tisiye jakisoni akuwafoola, achimwene nawo akangotumiza kandalama basi malamulo mbwee pa WhatsApp. Amene munadwazikapo matenda osatha ngati awa mumatani kuti mutu usazungulire?

Mdala Chisale, Zomba

Mwana wanga pepa. Ine ndikuyankha ngati wodwala, shuga ndakhala naye kuyambira 2011 ndipo ndimadzibaya ndekha. Usanawaweruze bambo akowo pa nkhani ya maswiti, tayamba wawayeza shuga nthawi imene amawafunayo. Munthu wobaya insulin ukamuchepetsera nsima koma jakisoni ali yemweyo, shuga amatha kutsika kwambiri, umamva njala yoopsa, thukuta, manja kunjenjemera, mtima kuthamanga, mutu osagwira, ndipo thupi lokha limakuuza kuti peza chotsekemera msanga. Kamakina koyezera shuga kakawonetsa pansi pa 70 (kapena pansi pa 4 ngati kanu kamawerenga manambala aang'ono aja) apatse madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu a shuga kapena theka la Fanta, kenako adye chakudya. Akakomoka usawathire kanthu mkamwa angatsamwe, thamangira kuchipatala. Ine mthumba mwanga simusowa switi ndipo adokotala anga akudziwa.

Koma mwinanso si zimenezo. Taganiza, munthu amene ankalamula pakhomo lero akusambitsidwa ndi mwana wake wamkazi, akuuzidwa nthawi yodya, yogona, yopita kuchimbudzi. Chomwe chatsala choti asankhe yekha ndi kaswiti ka kuokala. Ine akazi anga atayamba kundilondera ngati wapolisi ndinkabisa mandasi mu jekete kkkk, osati chifukwa cha njala ayi, kungofuna kumva kuti ndikadali munthu wamkulu. Uziwafunsa, bambo lero mudya nkhwani kapena bonongwe, nyemba kapena usipa? Nsima ukhoza kuyamba kusakaniza ufa woyera ndi mgaiwa kuti azolowere pang'onopang'ono, ndipo dziwa kuti mgaiwa nawonso umakweza shuga ukachuluka, nkhani yagona pa kukula kwa mtanda. Masamba achuluke m'mbale, nsima ichepe. Ndipo banja lonse lidye zomwezo, zimawawa kuona anzako akudya yoyera iwe akupatsa yakoyako ngati mkaidi.

Namwino wopuma

Achemwali, za azakhalizo ndikanize mwamphamvu: insulin asasiye, mapilisi a BP asasiye, olo tsiku limodzi. Sitiroko yachiwiri imabwera kawirikawiri kwa anthu amene asiya mankhwala a BP ati poti akupeza bwino. Za m'mabotolozo palibe akudziwa muli chani komanso mlingo wake, impso za munthu wa shuga ndi BP zimakhala zili kale pa chiopsezo, zikafa nde nkhani ya dialysis (kusefa magazi ndi makina m'malo mwa impso), makina ake m'dziko muno ali malo ochepa ngati ku Queens ndi ku Kamuzu Central. Azakhali musakangane nawo, ingowatengani tsiku la sikelo ya shuga akamve okha kwa adokotala, akuluakulu samva za mwana koma za munthu wovala gawuni yoyera amamva.

Kukodza pogona kuja mukakunene kuchipatala, pena ndi shuga wokwera usiku, pena ndi sitiroko yomweyo, musangoti ndi ukalamba. Muzilemba manambala a shuga ndi nthawi yake mu kope nkupita nalo limodzi ndi kabuku ka kuchipatala, mlingo wa insulin asinthe ndi adokotala osati inu. Mapazi muziwayang'ana daily mpaka pakati pa zala, anthu a shuga samva kuwawa msanga, kachilonda kakang'ono kamatha kudulitsa mwendo, asayende opanda nsapato komanso asaothe mbaula pafupi. Ngati amakhalitsa chogona muziwatembenuza pakatha maola awiri aliwonse kuopa zilonda za pamsana ndi m'matako. Za mafizo funsani akulembereni kalata, ku Blantyre konko kuli Kachere komwe amathandiza anthu ofa ziwalo, akakuphunzitsani zoti muzichita nawo kunyumba. Ndipo chilichonse chimene angathe ndi dzanja lamanzere asiyeni achite okha olo phala litayike.

Insulin ndi kuzimazima kwa magetsiku, ngati mulibe fuliji ikani kabotolo mu kachitini kotseka bwino, nkukwirira mu mchenga wonyowa mu mtsuko wadothi pamalo a mthunzi. Mu fuliji musaike ku freezer, ikauma yawonongeka.

Mjoni wa ku Mayfair

Sisi ine ndili mbali ya achimwene anuwo nde ndilankhule moona. Mayi anga anadwala zaka zitatu ine ndili kuno ku Johannesburg, ndinkatumiza pa Mukuru nkumadziona ngati ndagwira ntchito yonse, kumaimba foni kufunsa bwanji simunapite nawo ku private, bwanji awonda. Mlongo wanga tsiku lina anangonditumizira list, ma strips oyezera shuga, matewera, sopo, taxi yopita kuchipatala poti minibus sangakwere, mankhwala ogula ku pharmacy akasowa kuchipatala, pansi pake nkulemba ndalama imene iyeyo ankapeza pa geni yake asanasiye. Manyazi anandigwira. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 zinthu zinakwera koma ife kuno timaganizabe mitengo yakale. Alembereni zonse osabisa, ndipo muwauze kuti pa ndalamazo pakhale ya munthu wokuthandizani olo masiku atatu pa week kuti mubwerere ku benchi. Mng'ono wanuyo naye Mzuzu si kunja, abwere mwezi umodzi inu mupume.

Mayi a Tadala

Zokalipazo musadziphe nazo mtima, tonse odwazika tinakalipapo, ine apongozi anga ndinawaponyera mbale pansi tsiku lina nkukalira kuseri kwa bafa. Kapepeseni basi. Komanso kutchalitchi mwanenako? Kwathu amayi a Mvano ankabwera Lachinayi kudzachapa ndi kucheza nawo, ine nkupeza mpata ogona masana. Anthu sabwera ngati sunanene, amaona ngati uli bwinobwino.

NaBanda wa ku Bangwe

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. A Chisale munalasa, lero cha mma 11 anayamba thukuta nkumaitana mwana uja, ndawayeza inali 64. Kani masiku onsewa phala ankangolawa nkusiya ine nditawabaya kale. Ndawapatsa madzi a shuga, ndalemba mu kope, Lachiwiri tikupita nalo kuchipatala ndipo azakhali avomera kutiperekeza. Ndinawapepesa bambo, anangoti “iwe uli ndi mkamwa ngati mayi ako” nkuseka chammbali muja amasekera pano. List ya achimwene ndatumiza usiku, ma tick awiri a blue alipo koma sanayankhe.