Kodi alipo anayezadi zoti bulugamu amaumitsa mtsinje?

Nangozo_waku_Ntcheu:
Abale, ndithandizeni. Kumudzi kwathu kuli kakhwawa komwe tinkatungako madzi ngakhale mu Okutobala. Amalume anadzala bulugamu m'mbali mwake monse, ndipo chaka chino takumba mchenga mpaka kufika m'chiuno, madzi osaoneka. Amayi akuti ndi mitengoyo, amalume akuti mvula ndiyo yachepa. Pano salankhulana bwino. Kodi alipo anayezapo zimenezi, kapena ndi zongomva?

Mlonda_wa_Nkhalango:
Anayeza ndithu mayi, ndipo mkangano wa kwanuwo ndi womwe unayambitsa ntchitoyi ku South Africa. Alimi kumeneko ankadandaula kuti mitengo yomwe boma linkadzala m'mapiri ikuphwetsa mitsinje yawo. Mu 1935 boma linapatula chigwa cha Jonkershoek, pafupi ndi Stellenbosch, kuti chikhale malo ofufuzirako, ndipo ntchitoyo inatsogoleredwa ndi Christiaan Wicht.

Nzeru yake ndiyo imandigwira mtima. Pa timitsinje toyandikana, tolandira mvula yofanana, anamanga timadamu ta simenti tokhala ndi mpata woti madzi onse azidutsirapo, n'kuikapo chipangizo cholemba kuchuluka kwake usana ndi usiku. Anayamba ayeza kaye tchire lisanakhudzidwe. Kenako chigwa china anachidzala paini, china n'kuchisiya ndi tchire lake. Mvula ikachepa, imachepa konseko, choncho kusiyana kukaoneka palibe woti n'kunamizira mvula. Madzi anachepadi kumene kunali paini, ndipo mu 1972 dzikolo linayamba kufuna chilolezo munthu asanadzale nkhalango ya malonda.

Chemwali_Joni:
Achimwene, mwasiya ya bulugamu yeniyeniyo. Ku Mokobulaan, ku South Africa komweko, m'chigawo chomwe lero ndi Mpumalanga, anadzala bulugamu wa mtundu wa Eucalyptus grandis mu 1969. Chaka chachitatu madzi anayamba kuchepa, pofika chachisanu ndi chinayi mtsinje unaumiratu. Mitengoyo anaidula ili ndi zaka 16, koma panadutsanso zaka 5 kuti mtsinje uyambirenso kuyenda chaka chonse. Mizu inali itamwa madzi akuya, nthaka imayenera iyambe yakhuta kaye. Ndiye a Nangozo, amalume akadula musayembekeze madzi dzinja lomwelo.

Bambo_a_Tiya:
Koma tisawaweruze msanga akuluwo. Ine denga la nyumba yanga ndi milimo ya bulugamu, fizi ya ana imachokanso momwemo. Ku Mokobulaan anadzala chigwa chonse, osati mizere iwiri. Wanga ndinadzala kumtunda, pa nthaka ya miyala, kutali ndi dambo. M'mbali mwa khwawa ndinasiyamo mikuyu ndi katope.

Nangozo_waku_Ntcheu:
Zikomo nonse. Loweruka ndikupita kumudzi. Ndikawapempha amalume kuti tiyambe ndi mizere yomwe ili m'mphepete mwenimweni mwa madzi, milimoyo agulitse ndalama zikhale zawo. A Bambo a Tiya, zitsa zake mumatani kuti zisaphukirenso?