Geology ndipanga nayo chani ine wa civil?

wa_Chibavi:
Anzanga ndithandizeni, ndili first year ya civil engineering nde atipatsa kosi ya geology, miyala yokhayokha, igneous sedimentary metamorphic, ine ndimafuna kumanga milatho, zimenezi zindithandiza chani koma?

mkulu_wa_Luwinga:
Aise mlathowo uima pa chani? Pita ku Masasa ku Mzuzu nthawi ya dzinja ukaone, anthu amasema phiri kuti amange nde katondo uja akamwa madzi amafewa nkugumukira nyumba, mu April 2016 zinachitika zimenezo. Ku Chiweta nakonso miyala imagubudukira mu M1, ukapanda kudziwa mbali yomwe thanthwe linang'alukira udzadula msewu molakwika iwe.

mtsikana_wa_Katoto:
Osaiwalanso tili mu Rift Valley, zivomezi za ku Karonga mu December 2009 china mphamvu yake inafika 6.0, nyumba zambiri zinagwa. Nanga makande, akanyowa amafufuma akauma amang'aluka, foundation nayo imang'aluka limodzi.

wa_Chibavi:
Eeh chabwino ndagonja. Koma quartz ndi calcite pa practical miyala imeneyi ikundisokoneza, yonse yoyera.

mkulu_wa_Luwinga:
Kanda ndi mpeni basi, calcite imakandika ili pa 3 pa Mohs, sikelo yoyezera kulimba kwa miyala, quartz ili pa 7 siyitheka.