Nthabwala za buku la Newton lobedwa: kodi mbava ingaligulitsedi?

WakuMatawale:
Abale, m'magulu a WhatsApp a ophunzira kuno ku Zomba mukuzungulira nthabwala za munthu woba buku lakale la Isaac Newton, lija la Principia, kunyumba yosungiramo zinthu zamakedzana. Ina ikuti apolisi asadzivute, poti mwini bukulo ananena yekha kuti dziko limakokera chilichonse pansi, ndiye lidzagwa lokha m'chikwama cha mbavayo. Ina ikuti wakubayo atafika kunyumba anapeza kuti monsemo ndi Chilatini chokhachokha, m'mawa mwake n'kukalisiya kwa mayi wa zitumbuwa pamsika kuti azikulungira. Palinso ya mwana wa Fomu 4 amene analiba poyesa kuti muli mayankho a MSCE. Kuseka taseka, koma funso langa n'lenileni. Kodi n'zoona kuti buku lotere silingagulitsike? Nanga limatuluka bwanji pamalo oti pali alonda? Tili ndi National Archives, kosungira zikalata zakale za dziko, ndi mabuku akale ku University of Malawi (kale Chancellor College) pompano, choncho nkhaniyi si ya kutali.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Achimwene, nthabwala ya zitumbuwayo ili ndi kachoonadi kake. Principia inasindikizidwa ku London mu 1687, m'Chilatini, ndipo amene analipira posindikiza anali katswiri wa zakuthambo Edmond Halley. Kalembera amene anatuluka mu 2020 anapeza makope 386 a kusindikiza koyambako m'maiko 27. Kope limodzi linagulidwa pa madola 3.7 miliyoni ku New York mu 2016. Chinthu cha mtengo wotere sichigulidwa m'kachibisira ngati foni ya pa depoti. Wogula amafuna kudziwa manja onse amene bukulo linadutsamo.

Chimene chimagwiritsa mbava n'chakuti makopewa safanana. Kalelo mabuku ambiri ankagulitsidwa ali mapepala, wogula n'kukasoketsa chikuto chake kwa mmisiri amene wam'konda. Ndiye lina lili ndi chikopa chofiirira, lina lili ndi dzina la mwini wake woyamba patsamba lakutsogolo, lina lili ndi thimbirira la madzi pakona kapena timabowo ta tizilombo todutsa masamba angapo. Zimenezi zikalembedwa ndi kujambulidwa, kopelo limadziwika ngati ng'ombe yosindikizidwa chizindikiro. Chidindo cha laibulale mbava zimachifufuta ndi mankhwala, koma pepala likaunikidwa ndi nyali yapadera yotchedwa UV malo ofufutidwawo amaoneka.

Komabe mawu oti silingagulitsike tisawakhulupirire kwambiri. Amagwira ntchito pokhapokha mwini wake atadziwa msanga kuti buku lapita ndipo ali ndi zithunzi zake. Apo ayi, ligulitsika bwinobwino.

NaChinamwali:
Aphunzitsi anena zoona, ndipo apa m'pamene nthabwalazi zimaphonya. Zimatipatsa chithunzi cha mbava yobwera usiku itavala chipewa kumaso. Zoterozo zinachitikapo: mu Januwale 2017 anthu anaboola denga la nyumba yosungira katundu ku Feltham, pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow, n'kutsika ndi zingwe kukatenga mabuku pafupifupi 200, ena a Galileo ndi Newton. Anapezeka mu Sepitembala 2020 atakwiriridwa pansi pa nyumba ina ku Romania. Koma kawirikawiri mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Taonani za ku Carnegie Library ku Pittsburgh, ku America. Mu 2017, poŵerengera katundu chifukwa cha inshulansi, anapeza kuti zinthu zoposa 300 zasowa kapena kudulidwa, za mtengo wa madola pafupifupi 8 miliyoni, ndipo Principia ya 1687 inali m'gulu lomwelo. Wochita zimenezi anali mwini makiyi wa chipinda cha mabuku osowawo, ndipo anakhala akutulutsa pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 25, n'kumapereka kwa wogulitsa mabuku wa pafupi pomwepo. Mapu ndi zithunzi ankazidula ndi kampeni, buku n'kubwerera pashelefu likuoneka lathunthu. Kuŵerengera kwa m'mbuyo mwake kunali kwa 1991. Zaka zonsezo palibe maso ena amene analowamo kukafananiza kaundula ndi zimene zili pashelefu.

Vuto lina ndi kudzinyenga kuti buku langoikidwa pena. Timabuku tiwiri tolembamo ta Charles Darwin, kena kali ndi chojambula cha mtengo wa zamoyo cha 1837, tinatulutsidwa kukajambulidwa ku Cambridge University Library mu Sepitembala 2000. Mu Januwale 2001 tinapezeka kuti palibe, koma apolisi anauzidwa mu 2020. Mwamwayi tinabwezedwa pa 9 Malichi 2022, titakulungidwa m'pulasitiki m'kachikwama kapinki, ndipo wobwezayo sanadziwike. Ku laibulale yaikulu ya dziko la Spain ku Madrid kunali kolapitsa: m'malo mwa buku la Galileo la 1610 lotchedwa Sidereus Nuncius munaikidwa kope lachinyengo, ndipo anazindikira mu 2014.

Mlonda wa Mabuku:
Ndiyankhe mbali ya kwathu kuno, chifukwa zambiri mwa izi sizilira ndalama zochuluka, zimangolira khama. Sizikhudza National Archives yokha. Maparishi, masukulu a mishoni ndi mabanja ena ali ndi mabuku ndi makaundula oti akapita palibenso kwina koti muwapeze.

Yambani ndi kuŵerenga masamba. Buku lililonse lamtengo wapatali mulitsegule tsamba ndi tsamba, mulembe kuti masamba ndi angati, mapu angati, zithunzi zomatidwa kapena zopindidwa zingati, ndipo chili pati. Kenako mulijambule, foni yabwino ikukwana: chikuto kutsogolo ndi kumbuyo, msana, tsamba la mutu, chidindo chilichonse, ndi zilema zonse, monga pong'ambika ndi pothimbirira. Anthu amakonda kujambula pokongola pokha, chikhalirecho zilemazo ndiye umboni kukhoti. Zithunzi ndi kaundula zikhale m'malo awiri, ena kunja kwa nyumbayo. Kaundula wogona m'chipinda chimodzi ndi mabuku amapita nawo limodzi, kaya ndi mbava kaya ndi moto. Tisaiwale kuti moto wa 1919 unapsereza zikalata za boma muno mu Zomba, ndipo laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015.

Chidindo chikhale chaching'ono, cha inki yosasuluka. Dindani kuseri kwa tsamba la mutu, patsamba lina lamkati lomwe mwagwirizana nokha, komanso kuseri kwa mapu aliwonse, chifukwa mapu ndiwo amayamba kudulidwa.

Pa makiyi pasakhale chinyengo cha ulemu. Wosunga kiyi asakhale yemwenso woŵerengera. Kamodzi pachaka anthu awiri, mmodzi wochokera ku ofesi ina, atenge kaundula m'manja n'kuyenda shelefu ndi shelefu, akutsegula mabukuwo, osangoona misana. Izi si kukayikira bambo kapena mayi amene watumikira zaka zambiri. Zimamutetezanso iyeyo tsiku limene china chasowa.

M'chipinda choŵerengera, zikwama ndi majekete zitsale pakhomo, cholembera chikhale pensulo yokha, woŵerenga asainire buku limodzi panthawi imodzi ndipo akhale moyang'anizana ndi woyang'anira. Pobweza, woyang'anira aŵerenge mapu mwini wake akuona. Buku likasowa, funani masiku ochepa okha, kenako pitani kupolisi ndi zithunzi zija, ndipo dziwitsani bungwe la ogulitsa mabuku akale la ILAB, limene limasunga mndandanda wa mabuku obedwa.

WakuMatawale:
Zikomo nonse. Nanga kungowatsekera m'sefa kapena m'thiranki osatulutsanso, si njira yachidule?

Mlonda wa Mabuku:
Ayi achimwene, makamaka kuno kutsinde kwa phiri kumene chinyontho chimachuluka nthawi ya dzinja. M'thiranki yotsekedwa miyezi itatu chuku chimamera, ndipo chiswe chikalowa mudzapeza dothi lokhalokha. Chinyezi cha m'chipinda chikhale cha pakati pa 40 ndi 55 peresenti, ndipo kachipangizo koyezera n'kotsika mtengo. Shelefu yapansi italikire ndi simenti masentimita 15, isagunde khoma lakunja. Pong'ambika musamatepo selotepi, guluu wake amadya pepala n'kusiya chikasu chosachoka. Ikani bukulo m'bokosi la katoni yopanda asidi, lembani nambala yake kunja, ndipo muzilitsegula mwezi ndi mwezi kuyambira Disembala mpaka Epulo.