Dzuwa likuphulikadi kapena ndi nkhambakamwa chabe?

wofunsafunsa:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndikumva kuti a NASA ndi NOAA, mabungwe a boma la America oona za mlengalenga ndi zanyengo, analengeza mu Okutobala 2024 kuti dzuwa lafika pachimake pa ukali wake, eti limatero pakatha zaka 11 zilizonse. Ndiye kutentha kukutiphaku ndi kumeneko? Komanso akuti likaphulika magetsi ndi netiweki zitha kuzima dziko lonse, zoona izi kapena akungotiopseza?

kadzidzi_wausiku:
Za kutenthazo ayi achimwene, chotsani. Kuwala kwa dzuwa kumangosintha pang'ono zedi, mwina 0.1 peresenti pa zaka 11 zimenezo, thupi lanu silingamve n'komwe. Chimachuluka ndi madontho akuda aja amaoneka pankhope ya dzuwa, pamenepo maginito amakhala atapotana kwambiri ndiye akamasuka mwadzidzidzi pamaphulika, nthawi zina mpaka kulavula chimtambo cha mpweya wamagetsi chomwe amati CME. Kuwala kwa kuphulikako kumafika kuno pa mphindi 8 zokha n'kusokoneza mawailesi omwe oyendetsa ndege amadalira, koma chimtambocho chimayenda tsiku limodzi mpaka atatu.

Za magetsi zinachitikapo. Mu Malichi 1989 ku Quebec anthu pafupifupi 6 miliyoni anakhala mumdima maola 9. Chimtambocho chikagunda maginito a dziko lapansi, m'mawaya ataliatali aja mumalowa magetsi osaitanidwa, mathiransifoma n'kuyamba kutentha.

sindikhulupirira:
Kkkk komatu mu Meyi 2024 kunabwera chimkuntho chachikulu chochokera kudzuwa, G5 yeniyeni, mlingo wapamwamba kwambiri wa mikuntho imeneyi, anthu anangojambula thambo lofiira n'kuponya pa Facebook basi. Palibe anafa. Asayansi akufuna ndalama za kafukufuku awa.

kadzidzi_wausiku:
Inuyo munaona zithunzi zokha bwana. Alimi ena ku America mathalakitala awo oyendera GPS anasokonekera nthawi yodzala ili pakati, mizere kumakhota. Ndipo mu Febuluwale 2022 kamkuntho kakang'ono chabe kanagwetsa masetilaiti a intaneti a Starlink pafupifupi 40 mwa 49 omwe anali atangoponyedwa kumene, chifukwa mpweya wakumwamba ukatenthedwa umafufuma n'kumawakoka pansi. Komanso mu Meyi 2024 muja a magetsi anachenjezedwa kusanachitike, ndi phindu la kafukufuku mukumunyozayo.

mayi_wa_fizikisi:
Ndiwonjezepo apa, chifukwa chimene chikuwasowetsa tulo ofufuza si kuona kuti dzuwa laphulika ayi, chombo cha SOHO chakhala chikujambula zimenezo kuyambira m'ma 1990. Vuto ndi loti chimtambo chija chimabwera ndi maginito akeake, akaloza kumpoto chimangotikhula pang'ono n'kudutsa, koma akaloza kumwera amalumikizana ndi athu ndiye mphamvu yonse imakhuthukira mkati. Tsono kumene alozako timakudziwa bwinobwino chikafika pa zombo zomwe zili makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, apo n'kuti kwatsala mphindi 15 mpaka ola limodzi basi. Tangoganizani, masiku awiri mukuchiona chikubwera koma osadziwa ngati chiluma.

N'chifukwa chake a NASA anatumiza chombo cha Parker Solar Probe mu 2018, ndipo pa 24 Disembala 2024 chinadutsa makilomita 6.1 miliyoni okha kuchokera padzuwa, kukayeza komwe mpweya wamagetsi wochokera kudzuwawu umayambira. Za dziko lonse kuzima nthawi imodzi ine ndimakayika, amavutika kwambiri ndi mayiko oyandikira kunsonga za dziko. Koma chimkuntho chofanana ndi cha 1859, chomwe mawaya a telegalafu ankathetheka moto, sichinatipezepo tili ndi masetilaiti ochuluka chonchi.

wofunsafunsa:
Zikomo amayi, ndamva tsopano. Nanga foni ili m'thumba ingapse, kapena zimangokhudza mawaya ataliataliwo?