Kopa akuthawira ku zotaya (tailings) chiyambire kuthira NaHS

Chisale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili pa concentrator ina kuno ku Copperbelt, pamene timasiyanitsa kopa ndi miyala ina pomuyandamitsa ndi thovu m'matanki otchedwa ma cell. Mwala wathu ndi chalcopyrite ndi bornite (kopa wa sulphide), koma mwezi uno mukusakanikira malachite (mwala wobiriwira wa kopa wa oxide) wambiri wochokera kumtunda kwa mgodi. Kuti timugwire tayamba kuthira NaHS (sodium hydrosulphide) mu conditioning tank, thanki yosakaniziramo mankhwala, pamodzi ndi SIBX (mtundu wa xanthate, mankhwala oyandamitsa kopa), gawo loyamba loyandamitsa lotchedwa rougher lisanayambe. Kopa wa oxide wakwera pang'ono, koma wa sulphide wagwa. Thovu la m'ma cell oyamba layererako, silikulemera, likuphulika lisanafike pamlomo. Tawonjezera xanthate, sizinasinthe. pH ili pa 10.5.

Gondwe:
Xanthate wanuyo munasungunula liti, achimwene? Akakhalitsa m'thanki kunja kukutentha amawola, mumamva fungo la CS2 (carbon disulphide) lija. Mwina mukuthira madzi achikasu basi.

Chisale:
Timasungunula tsiku ndi tsiku, a Gondwe. Fungo ndi la masiku onse.

Mayi Tembo:
Xanthate alibe mlandu, a Chisale. Vuto ndi pamalo pamene mwaika NaHS. Kuti xanthate akakamire pa chalcopyrite amayenera kupereka ma electron, oxygen wa m'matope n'kuwalandira. Apo m'pamene pamapangika cuprous xanthate ndi dixanthogen, zimene zimachititsa kanjere ka mwala kukana madzi n'kukwera ndi mpweya. Inu mwabweretsa HS⁻ wochokera mu NaHS amene akudya oxygen yemweyo, akugwetsa potential (mphamvu ya magetsi ya m'matope), komanso akulanda malo pamwamba pa mwala. Xanthate akungoyendayenda m'madzi ngati mlendo wopeza mipando yonse ili ndi eni ake. Ngakhale muthire dramu lonse sakhala.

Kumigodi ya ku Chile imene imatulutsa kopa ndi moly (molybdenum), NaHS yemweyu ndiye amagonetsera chalcopyrite kuti molybdenite, mwala wa moly, ayandame yekha. Ndiye mukuchita mosadziwa zimene iwo amalipirira ndalama.

Malachite ndiye amamufunadi NaHS, chifukwa amamuveka kachikopa kopyapyala ka copper sulphide kamene xanthate amakagwira. Koma naye mukamuchulutsira amagona.

Chisale:
Ndiye tichepetse?

Mayi Tembo:
Kuchepetsa kokha mutaya oxide. Siyanitsani ntchito ziwirizi. Sulphide ayandame yekha poyamba ndi SIBX. Tailings za rougher imeneyo ndizo muzithire NaHS, pang'onopang'ono, magawo atatu kapena anayi, PAX (xanthate wa mtundu wina) akubwera pambuyo pa gawo lililonse. PAX ali ndi mchira wautali, amagwira bwino pamwala wongovekedwa kumene. Musamayendere magalamu pa tani, mwala umasintha shifiti isanathe. Ikani sulphide electrode, chida choyezera sulphide m'matope, muyambire cha ku −500 mV n'kumasaka pamene mwala wanu ukukondwa. Mukathira musachedwe kuyandamitsa, kachikopa kaja sikakhalitsa.

Gondwe:
Ndavomera. Koma a labu akuonereni pa microscope ngati wobiriwirayo ali malachite yense. Ngati muli chrysocolla, mwala wina wa kopa wobiriwira, musadzivutitse, ameneyo sulphidisation (kumuveka kachikopa ndi NaHS kuja) samumva kwenikweni, njira yake ndi ya ku leach, kumene amasungunula kopa ndi asidi. Chinanso, paipi ya NaHS isayandikane ndi asidi, zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni wa H2S. H2S akachuluka mphuno imaleka kumumva, munthu amangogwa.

Chisale:
Zikomo amayi, zikomo a Gondwe. Usiku uno ndiyesa pa cell ya mu labu, mbali ina monga tikuchitira pano, ina mosiyanitsa. Poika electrode mumakonda mu feed box kapena mkati mwa cell?

Mayi Tembo:
Potulukira conditioner, NaHS atasakanikira kale. Muziyipukuta shifiti iliyonse, matope akaimata imanama.