Mng'ono wanga anamupeza ndi kachirombo kusikelo, pano kunyumba kwavuta

Nambewe_25:
Abale ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga ali ndi mimba ya miyezi isanu, atapita kusikelo anamuyeza magazi nkumupeza nako kachirombo, tsiku lomwelo anamuyambitsa ma ARV. Atawauza amuna ake zinthu zinavuta, akuti wakatenga kuti iweyo pomwe iwowo kukayezetsa akukana, mesa munthu ukakhala kuti ukudzikhulupilira umangopita? Anamumenya, botolo la mankhwala anataya mchimbudzi, pano akumwera kwathu mobisa. Nde apongozi ake akuti akangochira akatseketse asadzaberekenso ana odwala. Mwana wake woyamba ndi yemweyu. Tipange bwanji?

MamaTiya:
Pepani asisi, zimenezi ndinadutsamo. Vuto ndi loti ife azimayi ndi amene timayamba kuyezedwa chifukwa cha sikelo, nde amene wayamba kudziwa ndi amene amaoneka ngati wabweretsa, pomwe mwina bambo akhala nako zaka osadziwa. Za ana odwalazo apongoziwo atsalira, chiyambire ndondomeko ya Option B+ mu 2011 mayi woyembekezera akapezeka nako amayamba mankhwala pompo osadikira kuti adwale kaye. Ine ndinamwa osadumphitsa, mwana atabadwa anandipatsa timankhwala tamadzi tomumwetsa, ndinayamwitsa bwinobwino, anamuyeza ali ndi masabata 6, kenako chaka, kenako zaka ziwiri, alibe. Pano ali sitandade 3 ndipo ndi wovuta kuposa anzake onse kkkk. Chachikulu asadumphitse olo tsiku limodzi, akawauze anesi kuti botolo linatayidwa amupatsa lina, asachite manyazi.

Mjomba_waZomba:
Nkhani za m'banja izi, yambani mwaitana ankhoswe. Mwamuna naye ndi mantha amenewo, mukathamangira kupolisi banja litha nde mwanayo adzamulera ndani?

Nachisale:
Mjomba ayi. Ankhoswe ndi a nkhani za ndiwo ndi kubwera mochedwa, osati kumenya munthu wa pakati ndi kumutayira mankhwala, pamenepo akuseweretsa miyoyo iwiri. Ndipo ankhoswe ambiri mawu awo ndi omwe aja, pilira mwana wanga banja ndi kupilira, mpaka munthu kubwerako ali m'bokosi.

Asisi Nambewe, mupite naye ku Victim Support Unit kupolisi, kapena ku chikwanekwane ngati muli pafupi ndi chipatala chachikulu monga Queens kapena Central ku Lilongwe, kumeneko adokotala, apolisi ndi a zachisamaliro mumawapeza malo amodzi. Ayezedwe zilondazo zilembedwe mu buku lakuchipatala zisanapole. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti bamboyo asamukhudzenso, sikuti nthawi zonse mpaka munthu amangidwe ayi. Mutha kuimbanso 5600 ya YONECO, ndi yaulere.

Za kutseketsazo ndiye zandipsetsa mtima. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati wachipatala apereke njira zolera kwa munthu kaya wabwera ndi mwamuna kaya ali yekha, mwini thupi ndi amene amasankha, kaya jakisoni kaya lupu kaya osalera kumene. Asasainire pepala lililonse ali pa ululu wa matenda a kubereka, ku Namibia azimayi ena omwe ali ndi kachirombo anawatseka chonchi ndipo boma linagonja pa khoti lalikulu mu 2014. Ndipo apongoziwo akayamba kulengeza za magazi ake m'mudzi adziwe kuti lamulo la HIV la 2018 limaletsa kusala munthu.

MamaTiya:
Ndinaiwala, afunse kuchipatala komweko za ma sapoti gulupu, a COWLHA ndi a NAPHAM, mabungwe a anthu omwe ali ndi kachirombo, ali m'maboma ambiri. Ine amuna anga anakana miyezi inayi, anadzapita atalankhula nawo bambo wina wa m'gulumo, mwamuna mnzawo.

Nambewe_25:
Zikomo nonse. Ndamuimbira, wavomera kubwera kudzakhala kwathu kaye. Kupolisi akuzengereza akuti ndi bambo wa mwana wake, koma kuchipatala tipita limodzi Lolemba m'mawa.